Mleme wonong'ona wa m'nkhalango ya Harenna

Mleme wa makutu aatali ukafuna kugona umayamba wasamalira makutuwo. Umawapindira kumbuyo n'kuwalowetsa kunsi kwa mapiko, lina uku lina uku, monga achitira munthu woika manja m'khwapa m'mawa wa mu June. Zotsala poonekera ndi timinofu tiwiri tosongoka ngati nsonga ya mkondo, timene timamera pakhomo pa khutu lililonse. Akatswiri amatcha kamnofu kotere tragus. Munthu wosadziwa akaunika ndi tochi amaona timinofuto n'kuyesa ndiwo makutu, ndipo amalemba m'kope mwake kuti waona mleme wamba wa makutu aafupi. Koma dikirani udzuke. Umayamba wanjenjemera kuti thupi litenthe, kenaka makutu aja amasolomoka pang'onopang'ono, ali opindika ngati nyanga za nkhosa yamphongo, mpaka kuimirira njo. Utali wake umatsala pang'ono kufanana ndi thupi lonse.

Umu ndi mmene ilili mileme ya fuko la Plecotus. Yambiri imakhala ku Ulaya ndi ku Asia, ingapo kumpoto kwa Africa. Koma ulipo umodzi umene unatsikira kum'mwera kuposa inzake yonse ya mu Africa muno, n'kukakhazikika pamwamba pa mapiri a Ethiopia. Dzina lake ndi Plecotus balensis, kutengera mapiri a Bale. Unalembedwa ngati mtundu woima paokha m'chaka cha 2000, pamene akatswiri awiri a ku Russia, Sergei Kruskop ndi Leonid Lavrenchenko, anafotokoza mileme yogwidwa m'nkhalango ya Harenna. Taganizani, nyama yoyamwitsa, ya ubweya ndi mano, yokhala m'nkhalango momwe anthu akhala akufula uchi ndi kuthyola khofi kwa mibadwomibadwo, n'kudzalowa m'mabuku dzana lomweli.

Ambiri akamva zimenezi amangoti ndiye kuti ndi wosowa kwambiri. Kwa ine nkhani yaikulu ili pena. Mleme uwu umanong'ona, pamene zida zathu zofufuzira mileme zinapangidwira yofuula. Wosamvetsa zimenezi akhoza kugona sabata yathunthu m'nkhalango momwe milemeyi ikuuluka pamutu pake, n'kubwerako ndi lipoti loti mulibe. Lipoti lotero limandiopsa, chifukwa ndi limene limamasula manja a wonyamula nkhwangwa.

Mapiri a Bale ali kum'mwera chakum'mawa kwa Addis Ababa, m'chigawo cha Oromia. Msewu wochoka ku Goba kupita ku Delo Mena umakwera mpaka pachitunda cha Sanetti, mamita pafupifupi 4,000 kuchokera pamlingo wa nyanja, pomwe nsonga ya Tullu Dimtu imafika mamita 4,377. Pamwambapo ndi dziko la miyala, udzu waufupi, mbewa zosawerengeka ndi mmbulu wofiira wa ku Ethiopia umene umazisaka. Kenaka msewu umagwera kum'mwera mwadzidzidzi, ndipo pachiphedi chimenechi ndi pomwe payambira Harenna. Yoyamba kukumana nayo ndi mitengo ya Erica, yokhotakhota, yovala ndere kuyambira patsinde mpaka kunsonga. Kutsika pang'ono mumalowa mu Hagenia, umene eni dziko amati kosso, ndi Schefflera, ndi nsungwi zam'mapiri. Kumunsi kwenikweni kuli mitengo italiitali ndi khofi womera yekha. Mleme wathuwu anaupeza kumtunda kwa nkhalangoyi, pakati pa mamita 2,500 ndi 3,000. Kuti mumve kukwera kwake, nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ili pa mamita 3,002. Amene anagonapo paphiri la Mulanje nthawi ya chiperoni akudziwa mmene nkhungu imanyowetsera zonse popanda mvula yeniyeni, ndi mmene chisanu chimalowera m'zala dzuwa likangolowa. Ndiwo usiku umene mlemewu umasakamo chakudya.

Wapezekanso tsidya lina la chigwa chachikulu cha Rift Valley, ku mapiri a Simien ndi Abune Yosef kumpoto. Pakati pa mapiri amenewa pali zigwa zotentha ndi minda, kotero phiri lililonse lili ngati chilumba, ndipo mileme ya pachilumba chimodzi siikumana wamba ndi ya pachinzake. Ubweya wake ndi woderapo kwambiri, mosiyana ndi m'bale wake Plecotus christii wa m'zipululu za Egypt ndi Sudan, amene ndi wotuwa ngati mchenga.

Tsono makutu onsewa ndi a chiyani? Mileme yambiri yodya tizilombo imasaka mofuula. Imatulutsa mawu okwera kupitirira 20 kHz (kHz ndi muyezo wa kukwera kwa mawu), pomwe pamalekezera khutu la munthu, n'kumamvera mawuwo akagunda chinthu ndi kubwerera. Njira imeneyi ili ndi bowo lake: agulugufe ambiri a usiku ali ndi timakutu tawo pathupi, ndipo akamva mfuu wa mleme ukuyandikira amapinda mapiko n'kudzigwetsa pansi. Plecotus inazemba vutoli potsitsa mawu. M'bale wake wa ku Ulaya, Plecotus auritus, amene wafufuzidwa kwambiri ndipo ndiye gwero la zambiri zomwe timadziwa za khalidwe la fukoli, amatulutsa mawu otsika kuchoka cha pa 55 kHz kufika cha pa 25 kHz, koma ofooka zedi, nthawi zina potulukira m'mphuno. Ukayandikira chitsamba umatha kukhala chete ndithu, n'kumangomvera. Gulugufe wa usiku asanauluke amagwedeza mapiko kuti atenthetse thupi, ndipo kaphokoso kameneko, kapena kutswatswaza kwa kachilombo koyenda patsamba, n'kokwanira. Mleme umaima m'malere pamalo amodzi ngati choso pa duwa, n'kutola nyama yake patsamba pomwepo. Gulugufe akakhala wamkulu umapita naye pokhalira pake, kudula mapiko n'kudya thupi lokha. Mukapeza mulu wa mapiko a agulugufe pansi pa thanthwe lolendewera kapena pakhonde la nyumba yosiyidwa, pamodzi ndi timanyi takuda tomwe timafumbutuka mukatifinya, dziwani kuti pamenepo pamadyera mleme wotola chakudya pamasamba.

Makutu otere ali ndi mtengo wake. Amakoka mphepo, kotero mleme suthamanga. Ndi opyapyala, odzaza timitsempha ta magazi, kotero amataya kutentha ndi madzi a m'thupi. N'chifukwa chake amapindidwa pogona. Mapiko ndi aafupi ndi otambalala, abwino pokhota pakati pa nthambi, osathandiza pamtetete. Nyama youluka pang'onopang'ono chotere ikatulukira poyera imakhala ndiwo za kadzidzi, ndiye imakonda kutsata mitengo, ndipo usiku wake wonse umathera pafupi ndi pogona, kilomita imodzi kapena iwiri. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ikutanthauza kuti munda waukulu wotsegulidwa pakati pa nkhalango, umene mbalame imadutsa osaganiza n'komwe, kwa mleme uwu ndi mtsinje wosefukira.

Nanga mleme wotere timaufufuza bwanji? Tiyambe ndi makina omvera mileme, poti ndi amene anthu amawakhulupirira kwambiri masiku ano. Timakina monga AudioMoth n'totsika mtengo, mumatimangirira pamtengo n'kutisiya tikujambula mawu usiku wonse. Mleme wamba waung'ono wosaka m'mphepete mwa nkhalango umamveka uli pa mamita 20 kapena 30, ndipo ikuluikulu youluka pamwamba imamveka patali kuposa apo. Wa makutu aatali umamveka ukafika cha pa mamita 5, nthawi zambiri pafupi kuposa pamenepo. Werengani nokha: bwalo lofika mamita 25 mbali zonse ndi lalikulu kuwirikiza ka 25 poyerekeza ndi lofika mamita 5. Mileme iwiriyi itachuluka mofanana ndendende, makina adzakuuzani kuti wina ndi wochuluka ndipo winayo kulibe.

Zilipo zochepetsera vutoli. Makina akhale pamtunda wa mita imodzi ndi theka kapena mamita 2, mkati mwa kanjira kokutidwa ndi nthambi kapena pambali pa chitsamba, pomwe mleme umakakamizika kudutsa pafupi, osati pabwalo poyera pomwe mawu amamveka bwino kwa ife. Liwiro lojambulira lisachepere 192 kHz, chifukwa makina amagwira mawu ofika theka la nambala imeneyo. Ngati makinawo amayamba kujambula pokhapokha amve mawu, tsitsani mlingo woyambitsirawo, apo ayi kunong'ona sikudzawadzutsa n'komwe. Mudzadzaza khadi ndi phokoso la nkhululu, koma ndi bwino kutaya nthawi posankha kusiyana n'kutaya mleme. Musaike pafupi ndi madzi othamanga, chifukwa mkokomo wake umafika m'mawu okwera omwewo. Jumbo yokhuthala yotetezera mvula imameza mawu ofooka. Mabatire wamba amafooka msanga pachisanu, ndiye m'mawa mumapeza makina analeka kujambula pakati pa usiku. A lithium amapirira. M'kabokosi muikemo timapaketi toyamwa chinyezi. Ndipo pulogalamu ya pakompyuta yozindikira mitundu ya mileme musaikhulupirire yokha, pakuti yambiri inaphunzitsidwa ndi mawu a mileme ya ku Ulaya ndi ku America. Yang'anani chithunzi cha mawu ndi maso anu: a Plecotus amaoneka ngati timizere tiwiri tatifupi totsetsereka, kena pamwamba pa kanzake, tosaoneka bwino.

Komabe umboni weniweni ndi mleme m'dzanja, ndipo apa ndi pomwe pali ntchito.

Zisanayambe zonse pamafunika chilolezo cha Ethiopian Wildlife Conservation Authority, bungwe la boma losamalira nyama zakuthengo, ndi kudziwitsa ofesi ya paki ya mapiri a Bale ku Dinsho. Aliyense wogwira mleme akhale atabayitsa kale katemera wa chiwewe. Izi si zongokwaniritsa mwambo: mu Africa muli tizilombo ta mtundu wa chiwewe topezeka m'mileme, monga Duvenhage, ndipo tinaphapo anthu. Magolovesi avalidwe, opyapyala moti zala zizimva ulusi. Wina akalumidwa, ngakhale pang'ono, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 ndipo apite kuchipatala kukalandira katemera wowonjezera. Pakamwa ndi pamphuno pakhalenso pophimba, chifukwa matenda amayenda mbali zonse ziwiri.

Ukonde wogwirira mileme ndi wa ulusi wopyapyala ngati tsitsi, wa maso a mamilimita 14 mpaka 16, utali wake mamita 6, 9 kapena 12, msinkhu mamita awiri ndi theka kapena 3. Uli ndi zingwe zopingasa zinayi kapena zisanu, ndipo pansi pa chingwe chilichonse ukonde umalendewera n'kupanga thumba. Thumbalo ndiye msampha. Mukaukoka ukonde mpaka kuuma gwa, mleme umagunda n'kudumphira kumbuyo ngati mpira. Mukaulekerera kwambiri, umadzikulunga moti kuumasula kumatenga nthawi yoopsa. Thumba lakuya ngati chikhatho chimodzi n'lokwanira. Vuto la mleme wa makutu aatali n'loti umauluka modekha ndipo makutu ake amamva ngakhale ulusi. Umafika paukonde, kuima, kuuyendera m'mbali mpaka kupeza mpata, n'kudutsa. Choncho ukonde uzitseka mpata wonse. Funani malo amene nthambi yaikulu yawerama pamwamba pa kanjira kapena pa kamtsinje kodekha, ndipo ukonde ufike kunthambiko pamwamba ndi kuzitsamba m'mbali. Pokhota njira ndi pabwino kuposa powongoka. Ukonde wa ulusi umodzi wosapota umagwira bwino mileme yotereyi kuposa wopota, ngakhale umang'ambika msanga.

Nyengo ya ku Harenna imalimbana nanu. Nkhungu ikatsika, timadontho timakhala paulusi ndipo ukonde umasanduka khoma looneka ndi lomveka. Muziugwedeza pafupipafupi, ndipo ukanyoweratu upindeni, chifukwa mleme wonyowa pachisanu chotero umafa. Mphepo imafufumitsa ukonde n'kutseka matumba. Mwezi ukawala, wonjezerani kubisala pansi pa mitengo. Usiku wachiwiri pamalo omwewo nthawi zambiri mumagwira yochepa, poti mileme yaphunzira, ndiye sunthani ukonde ngakhale mamita ochepa chabe. Mvula ku Bale imagwa miyezi yambiri, kuyambira cha mu March mpaka October, ndipo miyezi youma ya November mpaka February ndi imenenso usiku umazizira koposa. Nthawi yopanda vuto palibe, mumangosankha vuto loti mulimbane nalo.

Ulipo msampha wina wooneka ngati zeze: felemu ya chitsulo chopepuka yokhala ndi mizere iwiri mpaka inayi ya ulusi wa mbedza woimirira, motalikirana masentimita awiri ndi theka, pansi pake pali thumba la kansalu kolimba lokutidwa ndi pulasitiki m'kati. Mleme umagunda ulusi n'kutsetserekera m'thumba osakodwa. Pakanjira kopapatiza ka m'nsungwi msampha uwu umaposa ukonde, ndipo suvulaza makutu. Ulusi ukalimba kwambiri mleme umabwerera, ukalefuka umapyola. Yesani poponya kansalu kokulunga kolemera ngati mleme.

Ukonde utsegulidwe dzuwa likangolowa, osati kale, kuopa kugwira mbalame. Muziuyendera mphindi 10 zilizonse, kukazizira mphindi 5. Mleme ukakodwa, choyamba n'kudziwa mbali imene walowera, pakuti umatulukira komweko. Gwirani thupi mofatsa, masulani miyendo ndi mchira, kenaka phiko limodzi, mutu, ndi phiko linalo. Makutu ndiwo ofuna mtima wodekha. Ulusi umakonda kulowa pakati pa khutu ndi tragus, kapena pamphumi pomwe makutu awiriwa amalumikizana. Musakoke khutu ngakhale pang'ono. Kwezani ulusiwo ndi kasingano kolukira kapena kamtengo kotokosera m'mano. Khutu long'ambika kwa mleme uwu ndi njala. Pakatha mphindi zitatu kapena zinayi usanamasuke, dulani ukonde. Ukonde umasokedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwake kusapitirire mphamvu za kanyama kolemera ngati supuni ziwiri kapena zitatu zazing'ono za shuga.

Mleme uliwonse ulowe m'kathumba kakekake ka nsalu ya thonje, kotembenuzidwa kuti ulusi wa msoko usakole zikhadabo. Pachisanu cha pamwamba chotere, mleme wosiyidwa m'thumba lopachikidwa panthambi umatsitsa kutentha kwa thupi n'kukhala ngati wafa: wozizira, wouma, wosatha kuuluka. Kathumbako kasungeni m'kati mwa jekete, ndipo zonse zithe pasanathe theka la ola.

Zoyeza n'zochepa koma zichitike molondola. Fupa lalitali la phiko, kuchoka pachigongono kufika padzanja, liyezedwe ndi kalipa, kachida koyezera kopana mbali ziwiri, mpaka gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. Pa Plecotus auritus limakhala mamilimita 34 mpaka 42, khutu 31 mpaka 41, kulemera magalamu 6 mpaka 12, ndipo wa ku Bale ndi wa msinkhu womwewo. Kulemera muyeze mleme uli m'thumba pa kasikelo kolendewera, kenaka muyeze thumba lokha n'kuchotsera; thumba lonyowa ndi nkhungu limanamiza, ndiye liyezeni nthawi yomweyo osati madzulo musanayambe. Khutu liyezedwe ndi rula kuchoka pakampata ka patsinde kufika kunsonga, osalitamula. Mulembenso utali ndi kutambalala kwa tragus, ndi utali wa chala chachikulu ndi chikhadabo chake, chifukwa timiyezo timeneti ndi timene timasiyanitsa mitundu ya Plecotus. Unikani phiko ndi tochi kuchokera kunsi: mfundo za zala za mleme umene ukadali mwana zimakhala zazitali ndi mpata wowala, za wamkulu zimakhala zobulungira ndi zakuda. Waukazi wa mimba yofufuma, kapena wa mawere opanda ubweya m'mbali, umasuleni pompopompo osayezanso kanthu. Mileme ya fukoli imabala mwana mmodzi pachaka, ndipo amene akuyamwitsa ali ndi mwana amene akuzizidwa kwinakwake.

Chifukwa chiyani kuvutika ndi timiyezo tonseti? Chifukwa fuko limeneli lanamiza akatswiri kwa zaka zambiri. Ku Ulaya, komwe mileme yakhala ikufufuzidwa kwa nthawi yaitali, mitundu iwiri ya auritus ndi austriacus inkatengedwa ngati umodzi mpaka cha m'ma 1960, ndipo wa pachilumba cha Sardinia, Plecotus sardus, unadziwika mu 2002. Maso okha sakwanira, ndiye pamafunika kachidutswa ka phiko kokayeza DNA. Tambasulani phiko pa kabolodi koyera, unikani kuti muone timitsempha n'kutipewa, ndipo boolani ndi kachida kobulungira ka mamilimita 3, katsopano pa mleme uliwonse. Bowolo limatsekeka lokha m'masabata ochepa. Kachidutswako kalowe m'kabotolo ka ethanol, spiriti woteteza kuti kasaole, wa 96 peresenti. Kapepala ka nambala kalembedwe ndi pensulo, pakuti inki imasungunuka ikakhudzana ndi ethanol, ndipo ntchito ya mwezi wathunthu ingathe kusanduka timabotolo topanda mayina. Timanyi totsala m'kathumba musataye. Timasonyeza zimene mleme wadya usiku umenewo.

Pomasula, kwezani dzanja pamwamba pa mutu ndi kulitambasula, tochi yayang'ana kumbali. Musauponye m'mwamba. Udzatukula makutu, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kunyamuka wokha. Ukakana, ubwezereni m'jekete kwa mphindi zingapo.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa owerenga ena anena kuti mleme wa makutu aatali anauona kwawo ku Dedza kapena ku Chipata. Anauonadi, koma si uwu. Kwathu kuno wofala ndi Nycteris, umene umakonda kugona m'makalavati a misewu, m'mphako za milambe ndi m'nyumba zamdima. Uli ndi mng'alu wotsika pakati pa nkhope, tragus wake ndi wamfupi, ndipo nsonga ya mchira imathera mwa T. Ulipo winanso wosowa, Laephotis botswanae, wa makutu aakulu koma osafika pa a Plecotus. Chosangalatsa n'choti Nycteris nayonso imanong'ona ndi kutola chakudya pamasamba ndi pansi, kotero zonse zanenedwa za makina omvera zimagwiranso ntchito m'nkhalango za pa Zomba, Mulanje ndi Nyika, ndipo pa Nyikapo Hagenia yemwe uja amameranso.

Kugwira mleme kumangouza kuti ulipo. Choteteza nkhalango n'kudziwa komwe umagona ndi kuberekera. Mileme ya fukoli imagona m'mphako za mitengo, m'ming'alu ya matanthwe, m'mapanga ndi m'madenga. Njira yotsimikizika yopezera malowa ndi kawailesi komata pamsana. Lamulo lake n'loti kasapitirire 5 peresenti ya kulemera kwa mleme, kutanthauza magalamu 0.4 pa mleme wa magalamu 8. Kawailesi ka magalamu 0.35 sikayenera kuikidwa pa mleme wochepera magalamu 7. Mumameta ubweya pang'ono pakati pa mapewa, kupaka guluu wa kuchipatala wogwira pakhungu, kudikira kuti anate, n'kukanikiza kwa mphindi zingapo. Kamagwa kokha pakatha sabata imodzi kapena awiri. M'zigwembe za Harenna mawu a kawailesi amagunda matanthwe n'kubwerera, moti mlongoti wa wailesi yolandirira mawuwo umaloza kolakwika; funani masana mleme uli phee, muyambire pamalo okwera, ndipo mutenge mizere kuchokera malo awiri kapena atatu.

Koma kawailesi kasanafike, alipo anthu odziwa mphako za nkhalangoyi kuposa wina aliyense. Alimi a njuchi a ku Harenna amapachika ming'oma pamwamba pa mitengo italiitali ndipo amaikwera usiku. Amadziwa mtengo wa mphako, thanthwe lotuluka fungo la mileme, ndi malo omwe mapiko a agulugufe amaunjikana. Safunsa anadya phula. Wofufuza wanzeru amayenda ndi chithunzi chooneka bwino cha nkhope ya mlemewu, amalemba ntchito anthu a komweko ndi kuwalipira moyenera, ndipo akamaliza amabwerera kukawauza zomwe wapeza.

Anthu omwewa ndiwonso ali pakati pa nkhani ya tsogolo la nkhalangoyi, ndipo sindikonda kumva akunenedwa ngati adani. Paki ya Bale inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo mu 2023 UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, koma m'kati mwake muli midzi, monga Rira, pamsinkhu womwewo umene mleme umakhala. Mabanja amalima balere, amaweta ng'ombe, amafuna nkhuni ndi nsungwi zomangira, ndipo abusa amatentha Erica kuti msipu uphuke. Choopsa kwa mleme si nkhwangwa yokha. Ng'ombe zikamadya mphukira chaka ndi chaka, nkhalango imaoneka yathunthu mukaiyang'ana kuchokera pamsewu, koma pansi pake palibe mitengo yaing'ono yodzalowa m'malo mwa yakale, ndipo zitsamba zomwe mleme umatolapo agulugufe zatha. Mtengo wouma wa mphako ndiwo woyamba kugwetsedwa, poti aliyense amauona ngati nkhuni zabwino zopanda mwini, chonsecho ndiwo ungakhale nyumba ya anakubala khumi kapena makumi awiri. Nyama yobala mwana mmodzi pachaka siibwerera msanga ikatayika chotero. Kutentha kwa dziko nako kukukankhira nkhalango yozizira kumtunda, ndipo kumtunda kwa Harenna kuli Sanetti, kopanda mitengo. Apa uchi ndi bwenzi la mleme: mtengo waukulu wopachikapo ming'oma uli ndi mwini wouteteza, ndipo maluwa a Schefflera ndi Hagenia ndiwo chuma cha mlimi wa njuchi. Kugwirizana ndi mudzi kuti mitengo ya mphako iikidwe chizindikiro, kuti m'mphepete mwa mitsinje ndi m'malire a minda musiyidwe mzere wa mitengo wolumikiza nkhalango, ndi kuti zigawo zina zipume ku ziweto kwa zaka zingapo mosinthana, n'zinthu zotheka.

Chotsala ndi kope. Usiku uliwonse mulembe malo ndi GPS, kukwera kwake, mtundu wa mitengo, utali wa maukonde, nthawi yotsegula ndi yotseka, mwezi, mphepo, nkhungu, ndi kuzizira kwa ola lililonse. Ntchito yagwiridwa iwerengedwe pochulukitsa mamita a ukonde ndi maola: maukonde 3 a mamita 9 otsegulidwa maola 5 ndi 135. Popanda nambala imeneyi, "tinagwira iwiri" sikutanthauza kanthu, chifukwa iwiri pa usiku umodzi ndi iwiri pa mwezi wathunthu ndi nkhani zosiyana. Usiku wozizira kwambiri agulugufe sauluka ndipo mleme umatha kungogona osatuluka, kotero tsamba la usiku wotero lisonyeze kuzizirako poyera. Pamene simunagwire kanthu mulembe kuti "sitinaugwire pa ntchito yochuluka mwakuti", osati "kulibe". Masamba opanda mleme amenewa asatsale m'chikwama. Apite ku ofesi ya ku Dinsho pamodzi ndi enawo, ndi zithunzi za nkhope, za m'mbali ndi za tragus, nambala ya kabotolo kalikonse italembedwa pambali pa nambala ya mleme wake.